Tiyi wa Kuseri kwa Khoma

Kuseri kwa thanki yamadzi ya ku Teyarett kuli mthunzi wokwana anthu awiri. Umafika dzuwa likapendeka, ndipo suchedwa kuchoka. Ndi kumene ndinkakumana ndi Tekber. Nthawi imeneyo otunga madzi amakhala atapita ndi ngolo zawo za abulu, ndipo anthu a m'dera lathu sadutsako chifukwa kumanunkha ndowe.

Tsiku limenelo mphepo yotentha inawomba kuyambira m'mawa. Mchenga unali m'mano, m'makutu, m'thumba la mkanjo. Tekber anafika atadzikulunga melefa yake yobiriwira mpaka pamphuno, n'kukhala pa tayala lakale.

"Mwandiitana. Lankhulani," anatero.

Ndinayang'ana pansi.

"A Isselmou, mwezi uno ndakutumizirani mauthenga makumi anayi a mawu pa foni. Inu mwayankha 'eya', 'ayi', 'zikomo', ndipo kamodzi munangotumiza mpweya wanu. Lero mwanditulutsa m'nyumba kunja kuli chonchi kuti ndidzamvenso mpweya?"

"Ndikufuna ndikukwatireni."

Anatsitsa nsalu ija pang'ono, ndinaona kuti akumwetulira.

"Basi? Mwamuna wanga woyamba anabwera ndi oimba atatu ndi ndakatulo yakeyake."

"Anakusiyani."

"Ndinamusiya ndine! Ng'oma za tsiku la chisudzulo changa simunazimve? Dera lonse linavina."

Ndinazimva. Panali patapita miyezi isanu ndi itatu chibwerereni kwa bambo ake. Ine ndinali ndi zaka makumi asanu ndi ziwiri, ndipo mkazi wanga Nebghouha anali atagona kumanda zaka zisanu ndi chimodzi. Sindinkayembekezera kuti mtima wanga ungadzukenso. Unadzuka wokha, ngati bulu wokalamba amene wamva fungo la madzi.

"Ndavomera," anatero Tekber. Kenako nkhope yake inagwa. "Koma ababa mwawaganizira?"

Sindinawaganizire. Bambo ake, achikulire Tourad, ndiwo anali mnzanga womwa naye tiyi masana alionse. Tsono mkamwini sakhala mphasa imodzi ndi apongozi ake. Sadya pamaso pawo, samwa, sawayang'ana, sawalankhula. Akawaona akubwera amakhota njira. Ndiyo sahwa, manyazi aulemu a kwathu, ndipo palibe amatiphunzitsa. Timangobadwa nayo ngati chikope.

"Tiyi wanu uja ndiye kuti watha," anatero. "Ababa zimenezi sazilandira msanga. Azakhali abwera kuchokera ku Atar pakatha milungu iwiri, ndipo ndi okhawo amene amatha kuwafewetsa. Mpaka nthawi imeneyo muzikhala nawo ngati kale. Matambula onse atatu a tiyi. Asadziwe munthu."

"Ndikhala."

"Simutha inu. Pakamwa panu m'potseka, koma thupi lanu ndi lolongolola."

*

Kapaki kathu kali kuseri kwa mzikiti. Muli mitengo inayi ya nimu ndi mabenchi awiri a simenti, imodzi mchenga unaimeza mpaka m'chiuno. Kumpoto kuli khoma lalifupi lotchinga mphepo. Katungwe wa ana anathyoka kalekale, panatsala zitsulo zimene mbuzi zimadzikandapo. Wodutsa pamsewu sangadziwe kuti kuli malo otere.

Nebghouha atamwalira, masana m'nyumba ankanditalikira. Ndinkapita kukakhala pansi pa mitengo ija. Achikulire Tourad anandipeza pamenepo. Sanandipepese, sanandifunse kanthu. Anangoti, "Iwe, umatha kuphika tiyi?" Kuyambira tsiku limenelo iwo ankalankhula, ine n'kumathira. Maso awo anali akuzima chaka ndi chaka. Kupatula kumzikiti, kapaki kaja ndiko kokha kumene ankapita.

M'mawa mwake mwa tsiku la kuthanki lija ndinalawira. Ndinakoleza mbaula, n'kutsuka matambula. Achikulire anafika ndi ndodo yawo. Pambuyo pawo panali Zeidane, wogulitsa ngamila wa galimoto yoyera, amene anayamba kukonda mthunzi wathu sabata yomwe Tekber anabwerera kwawo.

"Achimwene a mawu ochepa, mwaswera?" anatero Zeidane, akuyala mkanjo wake wowala pa benchi. "Lero tipatseniko mawu awiri, tigawane."

Achikulire anayamba nkhani ya ngamila yawo yaikazi imene inkadziwa chitsime chilichonse kuchokera ku Akjoujt mpaka kunyanja. Ndinaimvapo kambirimbiri. Ndinathira tiyi kuchokera m'mwamba, kubwezera, kuthiranso, mpaka thovu linakhala. Tambula yoyamba ndinapatsa achikulire, ina Zeidane. Nditanyamula yanga, dzanja linakana. Linafika pachifuwa n'kuima.

Munthu amene anali patsogolo panga anali bambo ake a mkazi amene wandivomera. Ndinaika tambula pansi. Ndisanaganize n'komwe, ndinali nditakoka nduwira mpaka pamphuno, nkhope nditatembenuzira kukhoma.

"Sindikumva ukumwa," anatero achikulire. "Dzino?"

Zeidane anandiyang'ana, anayang'ana achikulire, kenako anaphulika kuseka mpaka kudzimenya pantchafu.

"Dzino limeneli ndikulidziwa, achikulire! Limagwira munthu akakhala pamaso pa apongozi ake. Taonani mmene wadziphimbira, ngati mkwatibwi!"

Achikulire anatsitsa tambula yawo pang'onopang'ono, akufufuza thireyi ndi zala.

"Isselmou, mwana wanga. Tatembenukira kuno."

Sindinathe. Ndinaimirira, n'kuvala nsapato. Tiyi wachiwiri anali asanawire. Kuchoka tambula yachitatu isanakwane n'kutukwana munthu, ndipo ndinatukwana mnzanga yekhayo amene ndinali naye.

"Mwaiwala ketulo, akamwini!" anakuwa Zeidane.

*

Uthenga wa Tekber unafika ndisanalowe m'nyumba.

"Tsiku limodzi! Ndinapempha milungu iwiri, inu mwalephera tsiku limodzi! Ababa abwera, akhala m'chipinda, akana chakudya. Andifunsa funso limodzi lokha, kuti 'N'zoona?' Ndikanatani? Ndavomera. Tsopano sakundilankhula. Zeidane akuzungulira ndi galimoto dera lonse, akusewera mmene munadziphimbira. A Isselmou, mwandichititsa manyazi. Ayi, si manyazi. Mwanditopetsa."

Ndinagwira foni nthawi yaitali. Ndinayankha kuti, "Pepani."

"Mawu amodzi," anabweza. "Mulungu andithandize."

M'mawa kunabwera Mekfoule, mng'ono wake wa malemu mkazi wanga. Chimwalirireni mkulu wake ankabwera kawiri pa sabata kudzasesa ndi kundisiyira mphika wa chakudya cha kusikusi. Tsiku limenelo anabwera chimanjamanja. Anaima pakhomo osavula nsapato.

"Alamu, zabwino zonse. Ndazimvera kwa mayi wopaka akazi hina m'manja. Ine amene ndili ndi kiyi wa nyumba ino, ndazimvera kwa wopaka hina."

"Khalani pansi, alamu."

"Sindikhala. Zaka zisanu ndi chimodzi ndikukusesererani mchenga m'nyumba muno. Mumaganiza kuti ndimakonda tsache?"

Ndinamuyang'ana. Zoonadi, sindinaganizepo.

"Sindinadziwe."

"Simunafunse. Inu simufunsa kanthu. Mkulu wanga ankati kukhala nanu kuli ngati kukhala ndi mtsuko: madzi abwino, koma uzitunga wekha." Anapukuta maso ndi m'mphepete mwa melefa. "Mwaona chiyani mwa iyeyo? Kuseka mokweza? Mkazi amene anavina mwamuna wake akulira?"

"Amandilankhula."

"Ine sindinkakulankhulani?"

"Munkalankhula za Nebghouha."

Kenako anamasula kiyi pa nsonga ya nsalu yake, n'kumuponya pamphasa.

"Mchenga wanu muzisesa nokha. Ndipo ndikuuzeni chaulere: amalume ake a Zeidane ayamba kale kupondaponda kwa achikulire. Iye uja ali ndi pakamwa. Inu dikirani, mbewa ya manyazi inafera kuuna."

*

Masiku asanu ndi anayi sindinaponde m'kapaki. M'nyumba masana simunkakhalika, choncho ndinayamba kusaka mthunzi wina.

Mzinda uno uli ndi mithunzi yochepa, ndipo uliwonse uli ndi eni ake. Pansi pa mtengo waminga wa pafupi ndi msika wa mbuzi pamakhala ochita masewero a timiyala pamchenga, ndipo amakangana ngati akugawana chuma cha masiye. Kuseri kwa chidebe chachitsulo cha okonza matayala n'kozizira, koma wailesi yawo sipuma. Ndinafika mpaka kuminda ya nana, masamba onunkhiritsa tiyi aja, kumene nthaka imakhala yonyowa ndipo munthu umapuma bwino. Mwini munda anandilola kukhala, koma tsiku lachiwiri anandifunsa ngati ndine "bambo a dzino aja". Sindinabwerereko.

Kawiri ndinaima pakona ya mzikiti, kusuzumira patali. Ulendo woyamba ndinaona Zeidane akuphika tiyi ndi ketulo yanga, foni ili pakhutu, achikulire ali khale ngati katundu woiwalika. Ulendo wachiwiri munali mbuzi zokha.

Sindinatume munthu wokandifunsira ukwati kwa achikulire. Abale anga ali kutali ku Nouadhibou, ndipo ndinkadikira azakhali aja. Ndinkati kukhala chete ndiwo ulemu.

*

Tsiku lakhumi Tekber anandiitana kuthanki. Anali ataonda kumaso. Sanakhale pa tayala, anangotsamira chitsulo.

"Azakhali sabwera. Mwendo watupa."

Ndinagwedeza mutu.

"Ababa asiya kupita kupaki. Akuti tiyi wa Zeidane ndi shuga yekhayekha, ndipo matambula atatu amatha munthu usanamalize moni. Amangogona, nkhope kukhoma. Lero m'mawa andipatsa uthenga wanu. Mukufuna muumve mmene anaunenera?"

"Eya."

Anasintha mawu, n'kukhala ngati achikulire enieni. "'Ukamuuze kuti akamwini ndingatole khumi pamsewu. Wondithirira tiyi ndili naye mmodzi. Andibera mwana, andiberanso masana anga? Abwere adzamwe matambula atatu pamaso panga ngati kale, za ukwatizi aziiwale, ndipo ndimukhululukira.'"

Mthunzi unali utayamba kutithawa. Tinasendera limodzi, osakhudzana.

"Inu mukuti bwanji?" ndinafunsa.

"Ha, lero mwafunsa funso. Tilembe tsiku." Sanaseke. "Ine si ngamila yoti wina andikoke ndi chingwe. Zeidane sindikumufuna, fungo la mafuta ake limandipweteka mutu. Koma sindingalowe m'nyumba mwanu ababa akuzimira m'chipinda chifukwa cha ine. Mukamwa tiyi uja, mwanditaya. Mukapanda kumwa, mwawapha. Ndaganiza mpaka mutu wauma."

"Ndiganiza."

"Muganize msanga. Ababa akudikira yankho."

Ndinaganiza masiku atatu. Fumbi linadzaza mzinda, dzuwa linkaoneka ngati mbale yakuda, anthu ankayenda atatseka nkhope. Ndinakhala m'nyumba, mchenga ukulowa pansi pa chitseko popanda wousesa. Tekber anatumiza mauthenga asanu. Sindinayankhe, chifukwa ndinalibe choyankha. Ine sindilankhula chinthu chisanapse.

Loweruka kutacha, mphepo itagona, ndinamutumizira uthenga wautali kuposa onse amene ndinamutumizirapo.

"Muwabweretse kupaki lero. Akhale pa benchi ya kukhoma. Inu mubwerere."

"Mukamwa?"

"Ayi."

"Nanga?"

"Muwabweretse."

*

Kunja kwa khoma la kapaki kulibe mthunzi. Mphepo imaunjikako mchenga ndi mapepala. Ndinasalaza malo ndi phazi, n'kuyala chiguduli. Ndinali nditatenga kaketulo ka Nebghouha, kamene sindinakagwirepo chimwalirireni iye. Ndinakoleza mbaula, n'kukhala pansi msana uli kukhoma. Munthu wokhala mkati sakanandiona.

Ndinamva ndodo, ndi mawu a Tekber akuti, "Apa, ababa, khalani apa. Ndibwera kudzakutengani." Mapazi ake anapita.

"Wanditaya pano ngati thumba la makala," anang'ung'udza achikulire.

Tiyi atapsa ndinakweza dzanja, n'kuika tambula pamwamba pa khoma. Ndinaigogoda kawiri ndi chikhadabo.

Panapita nthawi. Kenako ndinamva zala zikufufuza pa simenti. Tambula inachoka. Ndinamva akununkhiza, kenako akumwa mokoka, monga ankachitira.

"Iwe mtengo," anatero achikulire, "tiyi uyu ndikumudziwa. Shuga wochepa ngati mawu a mwini wake."

Ndinakhala phee. Iwo sankalankhula ndi ine, choncho panalibe cholakwika.

"Iwe mtengo, pali chitsiru china chimene chinandisiya ndi tambula imodzi. Ukachiona uchiuze kuti ketulo yake ndinaibisa pansi pa bedi, ndipo sichidzaionanso."

Tambula inabwerera pakhoma yopanda kanthu. Ndinaitsuka, n'kuwonjezera nana m'kaketulo. Dzuwa linkandiwotcha m'khosi, thukuta likuyenderera mumsana, koma kwa nthawi yoyamba m'masiku khumi ndi atatu ndinapuma mpaka pansi pa chifuwa.

Tambula yachiwiri anailandira msanga. Anaseka, kuseka kwa chifuwa kotsokomola.

"Makolo athu analetsa maso, analetsa mawu, analetsa mphasa. Khoma anaiwala! Zaka zonsezi ndinkati mutu wakewo muli makala okhaokha." Anamwa. "Ndinakuuzapo, iwe mtengo, za ngamila yanga ija? Tsiku lina tinasochera kupitirira Akjoujt, madzi atatha..."

Anaifotokoza yonse. Ndinamvetsera ngati yatsopano. Ndinayamba kuona mmene zingakhalire: iwo mkati, ine kunja, masana alionse, ndipo madzulo n'kumabwerera kunyumba yokhala ndi mawu a Tekber. Ndinaganiza zomanga kadenga ka chiguduli kunjako.

Ndinaika tambula yachitatu, n'kugogoda.

Dzanja silinabwere.

Ndinagogodanso.

"Ndamva," anatero achikulire. Mawu awo anali atasintha. Sankaitananso mtengo. "Isselmou, usayankhe, ungomva. Ndinakutumizira uthenga Lachitatu. Ndinadikira Lachitatu lonse, Lachinayi lonse. Ndinkati ubwera, kaya kudzamwa, kaya kudzanditukwana. Iwe zii. Ndinati munthuyu wanditaya ndithu."

Anapuma movutikira.

"Dzulo titamaliza swala ya Lachisanu, amalume ake a Zeidane anandigwira dzanja pakhomo la mzikiti. Anapempha mwana wanga anthu onse akumva. Ndinali ndi mkwiyo. Ndinati ndikupweteke mmene wandipwetekera. Ndinavomera. Tinawerenga pemphero la Fatiha lomangira pangano, mboni zinalipo zoposa makumi awiri. Akubwera Lachinayi likudzali ndi ngamila ziwiri."

Makala anathetheka m'mbaula. Kwinakwake bulu analira.

"Ndikudziwa, Tekber akhoza kukana, palibe angamukakamize. Koma akakana, ine ndasanduka nkhalamba yabodza, yopereka mawu pakhomo la mzikiti n'kuwameza. Sindidzapondakonso. Ndipo iye akundidziwa, sangandichite zimenezo. Ndi chimene chikundiopsa. Sindinamuuze. Usiku wonse ndayesa, pakamwa pakukana. Ukanabwera dzana Lachinayi, mwana wanga. Tsiku limodzi lokha."

Ndinayang'ana tambula ili pakhoma.

"Tiyi ameneyo sindimwa," anatero. "Sindikuyenera. Kamuuze ndiwe."

Foni inanjenjemera m'thumba la mkanjo. Anali Tekber. Ndinaiika pakhutu, mawu ake ali otsika, koma ndinamva kuti akumwetulira.

"Ndili pakona ya mzikiti, ndikukuonani nonse awiri, wina uku wina uku ngati ana okwiyirana. A Isselmou, nzeru imeneyi munaibisa kuti? Ndawamva akuseka mpaka kuno. Tandiuzani msanga, amwa angati?"

Ndinadina foni, n'kuiyandikiza pakamwa.

"Awiri," ndinatero. "Musachoke pamenepo. Ndikubwera."